Kalata yotseguka kwa Nduna ya za Malo: pepala labodza likalanda nyumba, alipire ndani?

Olemekezeka a Nduna,

Ndalemba kalata ino kwa inu chifukwa kaundula wa malo m'dziko muno ali m'manja mwa unduna wanu. Ndikupempha kuti iwapezenso a Gavanala a Reserve Bank of Malawi, amene lamulo linawaika kuti aziyang'anira makampani a inshulansi, komanso akuluakulu a Malawi Law Society, poti nyumba zambiri za taitulo zimasintha mwini podzera m'manja mwa maloya.

Nkhani yake ndi umbava umene suthyola chitseko ndipo sudzutsa galu. Wakubayo amangofuna dzina la mwini malo, nambala ya poloti, chiphaso chopeka ndi siginecha yokopera. Akapeza zimenezi amagulitsa malowo kwa munthu wosalakwa, kapena amakawapereka chikole ku banki n'kutenga ngongole, kenaka n'kuzimiririka. Mwiniwake amadzadziwa tsiku limene wapeza mulu wa njerwa ndi mchenga pa poloti yake, kapena tsiku limene wamva kuti nyumba yake ikugulitsidwa pa okushoni chifukwa cha ngongole imene iye sanaigwirepo ndi chala chomwe.

Funso limene ndabwera nalo ndi limodzi. Zoterezi zikachitika, wakubayo osapezeka, kapena wapezeka koma ndalama anadya kalekale, chipsinjocho asenze ndani?

Wina asaganize kuti limeneli ndi vuto la maiko osauka okha, kumene mafailo amadyedwa ndi chiswe. Mu 2008 atolankhani a nyuzipepala ya New York Daily News anafuna kuonetsa kufooka kwa ofesi yolembetsa malo mumzinda wawo. Anapeka zikalata, ndipo m'mphindi 90 zokha anasamutsira ku kampani yongopeka umwini wa Empire State Building, nyumba yosanja yodziwika dziko lonse. Anaibweza mawa lake, koma mfundo inali itamveka. Mu May 2024 kunatuluka chidziwitso chakuti Graceland, nyumba ya woimba wotchuka malemu Elvis Presley ku Memphis, ku America, igulitsidwa pa okushoni chifukwa mwana wake, yemwe anali atamwalira mu 2023, akuti anasiya ngongole ya madola 3.8 miliyoni. Ngongoleyo kunalibe, kampani yobwereketsayo kunalibe, ndipo mboni yolumbiritsa imene dzina lake linali pa zikalatazo inalumbira kuti sinakumanepo ndi malemuwo. Khoti linaimitsa malondawo, ndipo mayi wa ku Missouri amene anakonza chiwembucho anavomera mlandu n'kugamulidwa kukakhala kundende zaka zoposa zinayi.

Koma nkhani ziwiri zimene zimandisowetsa tulo si za anthu otchuka ayi. Ku Fairfield, m'chigawo cha Connecticut ku America, dokotala wina anali ndi malo opanda nyumba amene makolo ake anamusiyira, iye akukhala kwina. Mu 2022 munthu wina wodzitcha dzina lake, wonena kuti ali ku Johannesburg, anasaina kalata yopatsa loya mphamvu zogulitsa malowo, imene a zamalamulo amaitcha power of attorney. Malo anapita pa mtengo wa madola 350,000. Pamene mwiniwake ankamva kwa mnzake mu 2023, pamalopo panali pataima chinyumba cha zipinda zogona zinayi chotsala pang'ono kutha, cha mtengo wa pafupifupi madola 1.5 miliyoni. Ku Luton, ku England, m'busa wina anali kukagwira ntchito ku Wales mu 2021 pamene anansi ake anamuimbira foni kuti m'nyumba mwake muli anthu. Atafika anapeza maloko asinthidwa, katundu wake mulibe, mmisiri ali kalikiliki kugumula ndi kukonza. Wakuba anali atagwiritsa ntchito laisensi yagalimoto yabodza ndi akaunti ya ku banki yotsegulidwa m'dzina la m'busayo, n'kugulitsa nyumbayo pa mapaundi 131,000. Dzina la wogula linali litalowa kale m'kaundula wa boma. Zinatenga zaka ziwiri kuti dzina la mwini weniweni libwererepo.

Taonani amene mbava zoterezi zimasankha, a Nduna. Zimasankha malo opanda nyumba, nyumba ya lendi imene mwiniwake amakhala kutali, nyumba ya nkhalamba, nyumba ya munthu amene anamwalira, ndipo makamaka malo amene alibe ngongole ya banki, poti pamenepo palibe wina aliyense amene angafunse mafunso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tili ndi abale ambirimbiri ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Durban, ku Britain ndi ku Ireland amene amadzimana mwezi ndi mwezi kuti agule poloti ku Area 49, ku Area 25, ku Chileka, ku Machinjiri kapena ku Mzuzu. Amagula, amaonetsedwa mabikoni, amabwerera kuntchito, poloti n'kutsala ikumera tchire zaka zingapo. Tili ndi nyumba za ana amasiye zimene dzina la malemu likadali m'kaundula chimwalirireni, chifukwa anawo alibe ndalama yoyendetsera mapepala a chuma cha masiye. Ndipo tili ndi madobadoba amene amadziwa poloti iliyonse yopanda mlonda kuposa mmene mwiniwake amaidziwira. Aliyense amene anayesapo kufuna malo ku Lilongwe kapena ku Blantyre anamvapo za poloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, aliyense ali ndi pepala lake la chidindo.

Chimene chimapweteka kwambiri pa umbava umenewu n'chakuti umasiya anthu awiri osalakwa akuyang'anizana kukhoti. Wina ndi mwini malo, amene sanagulitse kanthu. Wina ndi wogula, amene mwina anathira penshoni yake yonse, anafufuza kumene anayenera kufufuza, ndipo mapepala anaoneka abwino. Malo ndi amodzi, sangagawike pawiri. Woweruza akhoza kukhala wachilungamo chotani, mmodzi mwa awiriwa atuluka akulira. Wakuba akamangidwa mtima umazizirako, koma unyolo wa kupolisi sumangira munthu nyumba ina.

Anthu a ku America anakumana ndi funso limeneli kale, ndipo yankho lawo ndi inshulansi ya taitulo. Inayambira ku Pennsylvania. Mu 1868, pa mlandu wa Watson ndi Muirhead, khoti lalikulu la chigawocho linagamula kuti munthu amene analembedwa ntchito yofufuza mbiri ya malo sangalipitsidwe ngati analakwitsa mosadziwa koma atachita ntchito yake mosamala. Wogula anataya malo, ndipo panalibe womubwezera. Zitatero, mu 1876 ku Philadelphia kunatsegulidwa kampani yoyamba yogulitsa inshulansi yoteteza umwini wa malo. Kufunika kwake kumakula chifukwa m'madera ambiri a ku America ofesi ya kaundula imangolandira ndi kusunga zikalata. Ngati pepala lalembedwa moyenera, lili ndi chidindo cha mboni yolumbiritsa ndipo ndalama yalipidwa, limalowa. Ofesiyo silonjeza kuti zimene zalembedwamo ndi zoona.

Kayendetsedwe kake nkosiyana ndi inshulansi ya galimoto kapena ya moto imene Amalawi tinazolowera. Salipira chaka ndi chaka. Amalipira kamodzi, tsiku logula nyumba. Kampaniyo isanavomere imayamba yafufuza mbiri ya malowo kubwerera mmbuyo: anagula kwa yani, uyo anagula kwa yani, kodi pali ngongole yosabwezedwa, msonkho wotsalira, chigamulo cha khoti, kapena mwana wa malemu amene anaiwalidwa pogawa chuma. Zimene zapezeka zimakonzedwa malonda asanathe. Zimene sizikanatheka kuoneka, monga siginecha yabodza pa pepala la zaka makumi awiri zapitazo, ndi zimene kampani imasenza. Tsiku limene wina adzatulukire n'kunena kuti nyumbayo ndi yake, kampaniyo imalipira maloya omenyera nkhondo wogulayo, ndipo mlandu ukamuipira imamubwezera ndalama mpaka pa mlingo umene anagwirizana. Chitetezocho chimakhalapo nthawi yonse imene iye, kapena olowa m'malo mwake akamwalira, akadali eni nyumbayo.

Pali zinthu zina zimene otsatsa malonda satchula mokweza, ndipo ndikufuna inu muzimve. Inshulansiyi ili mitundu iwiri. Banki ikamabwereketsa ndalama zogulira nyumba imakakamiza wogula kulipira inshulansi yoteteza bankiyo, ndipo anthu ambiri amachoka pamenepo akuganiza kuti atetezedwa, chonsecho yotetezedwa ndi ngongole ya banki basi. Yoteteza mwini nyumba ndi ina, yogula payokha. Komanso inshulansi wamba ya mwini nyumba imayang'ana mmbuyo: imateteza ku zolakwika zimene zinalipo tsiku logula lisanafike. Wakuba akadzapeka siginecha yanu patapita zaka zisanu mutagula, mumathandizidwa pokhapokha ngati munagula mtundu wokulirapo, monga Homeowner's Policy ya bungwe la American Land Title Association, umene umaphatikiza chinyengo chochitika pambuyo pake. Kwabukanso makampani ogulitsa chimene amachitcha title lock, olipiritsa mwezi ndi mwezi, ndipo mu 2024 bungwe la boma la Federal Trade Commission linachenjeza anthu kuti chimenechi si inshulansi ndipo sichitseka kanthu. Chimangokudziwitsa zinthu zitachitika kale, ntchito imene maofesi ambiri a kaundula kumeneko amaichita ulere.

Ndiye sindikupemphani kuti titengere za ku America zonse mmene zilili. Lipoti la 2007 la Government Accountability Office, ofesi yolondoloza ntchito za boma la America, linapeza kuti pa ndalama zonse zimene anthu amalipira pa inshulansi ya taitulo, pafupifupi 5 pa 100 zokha ndi zimene zimapita kolipira otaya katundu, ndipo gawo lalikulu limatsalira kwa maejenti ogulitsa inshulansiyo. Ena amati zili choncho chifukwa ntchito yaikulu ndi yofufuza kuti vuto lisachitike, ndipo pali choonadi pamenepo. Komabe chigawo cha Iowa chinaona kuti n'kwabwino kuletsa malonda amenewa mkati mwake n'kukhazikitsa chitetezo choyendetsedwa ndi boma, chotchedwa Iowa Title Guaranty. Mphunzitsi wa ku pulayimale amene akuvutika kale ndi ndalama ya loya, ya saveya ndi msonkho wa chidindo sitingamuwonjezere katundu wina wolemera n'kumati tamuthandiza.

Chimene ndikufuna titengeko ndi mfundo yake: munthu wosalakwa asataye zonse yekha. Njira ina yofikira pa mfundo yomweyi inayambira ku South Australia mu 1858, pa dongosolo la Robert Torrens. Kumeneko boma linati kaundula ndiye umboni wa umwini, ndipo kaundula akalakwa boma lilipira kuchokera m'thumba lapadera. Ku England ndi Wales, lamulo la Land Registration Act la 2002 limapatsa munthu ufulu wolandira chipukutamisozi kuchokera ku HM Land Registry, ofesi ya kaundula wa malo kumeneko, ngati wataya chifukwa cha cholakwika m'kaundula, kuphatikizapo chobwera ndi zikalata zabodza. Ofesi yomweyo ili ndi ntchito yaulere yotchedwa Property Alert: munthu amalembetsa nyumba mpaka khumi, ndipo wina akangoyamba kuyendetsa mapepala okhudza imodzi mwa nyumbazo, uthenga umafika pa imelo. Mwini nyumba akhozanso kuikitsa chiletso chakuti nyumba yake isasinthe dzina kapena kuperekedwa chikole pokhapokha loya atatsimikiza kuti wosainayo ndi mwiniwake weniweni.

Apa ndi pamene ndikufuna muime nane pang'ono, a Nduna, chifukwa dziko lathu lili kale pa njira imeneyi. Lamulo lathu la Registered Land Act la 1967 ndi la mtundu womwewu. Limapatsa khoti mphamvu yokonza kaundula ngati dzina linalowamo mwachinyengo kapena molakwitsa. Limatetezanso wogula amene analipira, ali pamalopo, ndipo sanadziwe za chinyengocho kapena kutengapo mbali. Tanthauzo lake n'lakuti m'bale wathu wa ku Cape Town uja akhoza kubwera n'kupeza kuti lamulo laima ndi amene wamanga pa poloti yake. Pofuna kuti zimenezi zisakhale nkhanza, lamulo lomwelo lili ndi gawo la chipukutamisozi, lonena kuti wotaya chifukwa cha kukonzedwa kwa kaundula, kapena chifukwa cha cholakwika chimene sichingakonzedwe, alipidwe ndi boma. Kunena mwachidule, inshulansi ya taitulo tili nayo kale papepala, ndipo kampani yake ndi boma la Malawi.

Koma funsani anthu pa depoti ya basi, mumsika wa Limbe, ngakhale m'maofesi a ku Capital Hill, muone ngati amadziwa za ufulu umenewu. Munthu woberedwa malo amadziwa njira ziwiri, kupolisi ndi kukhoti, ndipo ya kukhoti imadya zaka ndi ndalama mpaka ena amangoti zisiyeni, Mulungu ndiye adzaweruze. Lonjezo limene anthu salidziwa, lopanda fomu, lopanda khomo logogodapo, lopanda tsiku loyembekezera yankho, silitonthoza wamasiye aliyense.

Pempho langa lalikulu ndi ili. Khazikitsani thumba lapadera la chipukutamisozi cha malo, lotetezedwa ndi lamulo kuti ndalama zake zisamapatutsidwe kupita ku zina. Lidzazidwe ndi kagawo kochepa ka ndalama zimene anthu amalipira kale polembetsa malo ndi posintha umwini. Pakhale ofesi yodziwika, fomu ya m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndi masiku oikika amene wodandaula ayenera kuyankhidwa. Thumbalo likalipira munthu, boma litsate wakubayo ndi aliyense amene anamuthandiza, kaya ndi loya, kaya ndi saveya, kaya ndi wogwira ntchito m'boma, kuti abweze. Ubwino wina wa njira imeneyi ngwakuti ofesi imene imalipira ikalakwitsa imaphunzira kusamala. Bola cholakwa cha kaundula chikugwera munthu wamba yekha, palibe chimene chingakakamize aliyense kuyang'anitsitsa siginecha kawiri.

Zotsalazo n'zotseka mipata kuti thumbalo lisamathe msanga, ndipo zida zake tili nazo. Kuyambira 2017 Amalawi tili ndi chiphaso chaunzika cha National Registration Bureau, chokhala ndi zidindo za zala. Ngati timafunsidwa chiphasochi polembetsa nambala ya foni ndi potsegula akaunti ku banki, palibe chifukwa choti nyumba ya mamiliyoni isinthe mwini popanda wogulitsa kuika chala pa makina n'kutsimikizika kuti ndi yemweyo. Unduna wanu unayamba kusamutsa kaundula kuchoka m'mafailo kupita mu kompyuta kudzera mu Land Information Management System, ndipo ndikuyamika ntchito imeneyo. Ikani mmenemo nambala ya foni ya mwini malo aliyense, kuti wina akangopempha kufufuza, kusintha dzina kapena kuika chikole, mwiniwake alandire uthenga tsiku lomwelo, kaya ali ku Nsanje kaya ali ku Dublin. Uthenga wa pafoni ngwotsika mtengo kuposa tsiku limodzi la mlandu ku High Court. Lumikizaninso kaundula wa malo ndi kaundula wa imfa, kuti munthu amene tinamuika m'manda asadzapezeke atasaina pepala logulitsa nyumba yake.

Pa za power of attorney ndilankhule mosabisa, poti ndi khomo limene abale athu akunja amalowera, ndipo ndi lomwelo limene mbava zimakonda. Kalata yotere yochokera kunja isalandiridwe pogulitsa malo popanda kutsimikizidwa ku ofesi ya kazembe wathu, ndipo woyang'anira kaundula alankhule ndi mwiniwake maso ndi maso, ngakhale pa foni ya kanema, asanasinthe dzina. Lamulo lathu limalola kale munthu kuika caution, chenjezo loletsa kusintha dzina m'kaundula, pa malo amene ali ndi gawo. Lifewetseni kuti mwini malo amene akupita kunja athe kutseka taitulo yake asananyamuke, pa mtengo woti mlonda ndi namwino angakwanitse.

Kwa a Malawi Law Society, pempho langa ndi lalifupi. Loya kapena mboni yolumbiritsa (Commissioner for Oaths) amene amadinda pepala osamuona wosainayo ndiye mlatho umene wakuba amawolokera. Amene apezeka akuchita zimenezi alangidwe poyera, mayina awo adziwike, ndipo amene anapwetekedwa ndi chidindo chawo abwezeredwe.

Kwa a Gavanala, ndikupempha kuti ofesi yanu ikhale pansi ndi makampani a inshulansi ndi mabanki, muunike ngati inshulansi ya taitulo ingagulitsidwe kuno monga chitetezo chowonjezera, makamaka pa nyumba zogulidwa pa ngongole ndi pa zinthu zimene thumba la boma silingafikeko, monga ndalama zolipira maloya. Mukailola, ikani malire pa mtengo wake, lamulani kuti pepala lake linene momveka amene akutetezedwa, banki kapena mwini nyumba, ndiponso ngati chinyengo chochitika munthu atagula kale chili momwemo. Tisalole kuti banki itetezedwe ndi ndalama ya wogula, wogulayo n'kutsala pamtunda.

Ndikudziwa kuti malo ambiri m'dziko muno ndi a makolo, ndipo m'mphepete mwa mizinda anthu amagulitsana ndi kalata ya kwa amfumu basi. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anatsegula njira yoti malo oterewa alembetsedwe. Ntchito imeneyo ikamakula, mabanja ochuluka adzaika cholowa chawo chonse pa mzere umodzi wa m'kaundula wanu. Mukuwauza kuti pepala la boma ndi lolimba kuposa mawu a amfumu ndi umboni wa anansi. Ngati ndi choncho, boma liime kumbuyo kwa pepala lakelo ndi ndalama, osati ndi chidindo chokha.

Poyambira pake sipafuna lamulo latsopano kapena thandizo lakunja. Pa mkumano ukubwerawu wa Nyumba ya Malamulo, imani muuze Amalawi kuti m'zaka khumi zapitazi ndi milandu ingati ya zikalata zabodza za malo imene yafika ku unduna wanu, ndi anthu angati amene anapempha chipukutamisozi motsatira Registered Land Act, ndi angati amene analandira, ndipo mu bajeti ya chaka chino mwaikamo ndalama zingati za ntchito imeneyi.

Ine wanu,
Nzika ya dziko lino